Mapulagi Anayi pa Kamwendo

Ndinaigula itatopa kale.
Pachitseko pakuonekabe mthunzi wa dzina la bungwe
limene linaikwera zaka khumi ndi ziwiri
n'kuigulitsa ngati ng'ombe yotha mano.
Miyendo yonse inayi imakoka, anatero wogulitsa,
ndipo sananame: matope a ku Mkanda imachita kusambira.
Chimene sananene ndi chifuwa.
M'mawa uliwonse kutsokomola,
pachitunda kutsimphina ngati yaponda minga,
petulo n'kumapapira ngati waulere.

Lero Loweruka ndaiimika kuseri kwa chigayo cha a Gelesomu.
Boneti ndachirikiza ndi mpini wa khasu
poti kachitsulo kake kanatsala ndi eni ake oyamba.
Ndadikira injini izizire.
Phunziro limenelo ndinalilemba kale pamkono,
chipsera chonga ndalama yachitsulo.

Pulagi yoyamba yatuluka yokha, yakuda bii, mwaye wokhawokha.
Yachiwiri yanyowa oyilo.
Yachitatu yakana.

Ndadonthezera palafini, ndakhala pamwala, ndabwerera,
ndaipempha mwaulemu monga upemphera ngongole kwa mlamu,
pang'ono kutsogolo, pang'ono m'mbuyo,
pakuti ikathyokera m'kati
soya wa anthu agona m'matumba mpaka mvula.
Yalira kwiii, yalola.
Mlomo wake wadyeka, mpata n'kudutsa njere ya mpendadzuwa.
Nanga moto ukanalumpha bwanji pamenepo?

Yachinayi si mtundu wa zinzake n'komwe.
Winawake, tsiku lina, mwina usiku, mwina mvula ili pamsana,
anaika imene anapeza kuti akafike kwawo.
Sindimudziwa. Ndamukhululukira.

Atsopanowo ndawalowetsa ndi zala poyamba,
sipana pambuyo, kotsirizira chabe.
Ndinadzimva katswiri.

Ndiye pabwera Lefani wa kabaza
ndi nkhani ya mtengo wa soya ku Lilongwe,
ine pakamwa yasa, manja akugwira okha ntchito,
mawaya akale onse anayi zuu, nthawi imodzi,
ngati ndikuzula mtedza.
Ong'aluka, ouma gwa, wina womangidwa ndi mphira wa chubu.
Ofiira a ku Chipata ali m'manja mwanga tsopano,
pakamwa panayi pa chipewa pandiyang'ana,
ndipo sindikudziwa mwana uyu kwawo n'kuti.

Ndalumikiza mongoganiza. Ndapotoza kiyi.
Phuu! kumbuyo ngati mfuti.
Nkhuku balala. Mayi wina pachigayo wataya lichero
ndi mawu amene sindingalembe pano.
Lefani wakumbukira kuti ali ndi kasitomala.

Nelifa anali pa tayala lakutha chiyambire m'mawa,
kope pamwendo, akuti akulemba masamu.
Wadzuka, wasasa fumbi pa siketi,
watsegula tsamba lomaliza.
Chipewa chija chili pamenepo, chojambulidwa ndi pensulo,
mawaya anayi okhotakhota ngati mipiru,
aliyense ndi kwawo kwake,
ngakhale mphira wa chubu uja sanauiwale.

Adadi, wautaliyu amapita uku.

Ndayang'ana kumsewu ngati pali wina wationa.
Wani, fili, folo, thu,
iye akuwerenga, ine ndikukankha
mpaka aliyense anene kuti thapu.

Kiyi.

Palibe chifuwa. Palibe kutsimphina.
Mitima inayi ikugunda mopatsana mpata,
mpini wa khasu ukunjenjemera pang'onopang'ono,
kapu ya madzi pa boneti ikanakhala osatayika.
Ndaima ndikumvetsera nthawi yaitali kuposa yofunikira,
petulo akupsa pachabe, ine osadandaula.

Mapulagi atatu akale ndaponya m'chitini cha mabawuti.
Yachinayi ija, yachilendo, sindikuiona.
Thumba la siketi ya Nelifa lalemera mbali imodzi
ndipo lada ndi oyilo; amake atifunsa tonse awiri.

Masamu sanalembe ngakhale imodzi.
Lolemba ndikaonekera ndekha kwa aphunzitsi,
zikhadabo zakudazi ndikabisa m'thumba.